Za Kuopa Anthu Anzathu, ndi Chikondi Chimene Chichotsa Mantha

Phunziro la a m'kalasi ndi la Akristu onse a m'midzi. Muyambe mwawerenga 1 Yohane 4:7-21 ndi Machitidwe 9:1-30.

Abale ndi alongo a pansi pa phiri, mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za mantha. Sitinena za kuopa ng'ona ya m'Ruo, kapena Napolo potsika m'phiri ndi miyala yake. Amenewo ndiwo mantha anzeru, ndipo Mulungu mwini anawaika mwa ife kuti tisunge moyo. Tinena za mantha ena, amene akhala m'kati mwa mudzi nagona nafe pa mphasa imodzi, ndiwo kuopa munthu mnzathu. Wina aopa mbale wake wa bere limodzi chifukwa cha malire a munda. Wina sadya nsima ya kwa apongozi ake, kuti kapena athiramo kanthu. Wina akakolola bwino alowetsa chimanga chake usiku, kuti anansi angaone namchitira nsanje. Ndipo wina amanga nyumba ya njerwa nailekera pa mazenera zaka zisanu, si chifukwa cha kusowa malata, koma kuopa maso a anthu. Ambiri a otere ndi Akristu obatizidwa, amene aimba nafe tsiku la Sabata nadya nafe Mgonero. Koma dzuwa likalowa mtima wao uli ngati wa mbewa yomva khasu pa una wake.

Mtumwi Yohane, m'kalata yake yoyamba, aphunzitsa kuti mantha ndi chikondi sizikhalira nyumba imodzi, ndi kuti chikondi chikakula kufikira msinkhu wake, mantha asowa pokhala natuluka. Tiyenera kunena moona kuti pamenepo Yohane ayamba ndi mantha a tsiku la chiweruzo, ndiko kuopa chilango cha Mulungu. Koma werengani ndime zotsatazo, ndipo mudzaona kuti asanapume mpweya watembenukira kale kwa mbale amene timuona ndi maso. Kwa Yohane zinthu ziwirizi zamangidwa ndi luzi limodzi. Munthu amene akayika ngati Mulungu amkonda ayesa kuti moyo wake uli m'manja mwake yekha, ndipo woteroyo sangaleke kuona mdani pa khomo lililonse.

Makolo athu anali nacho chifukwa

Tisafulumire kuseka mantha a m'midzi mwathu, pakuti ali ndi mizu yakuya. Dziko lino la Mulanje linali njira ya akapolo. Maulendo a minyanga ndi anthu omangidwa m'magoli anali kupita pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kulinga ku gombe la Quelimane, ndipo mafumu amphamvu onga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu anali ndi mfuti ndi wonga. Sititchula maina awa kuti tinyoze mtundu uliwonse, pakuti ogulitsa ndi ogulitsidwa anapezeka m'mitundu yonse, ndipo ambiri a ife magazi athu ndi osanganiza. Koma masiku amenewo mwana wotumidwa kukatunga madzi sanali kubwera nthawi zonse, ndipo munthu anatha kuperekedwa ndi amalume ake omwe kulipira mlandu. Anthu anathawira m'mapanga ndi m'matanthwe, nalima mothamanga, wina ali pa chulu kuyang'ana adani. M'dziko lotero kukhulupirira mlendo kunali kupusa.

Boma linamanga linga la Fort Lister pa mpata uja mu 1893, ndipo mu 1895 linagonjetsa Matipwiri. Magoli anatha. Koma mfuti za Boma zinatseka njira ya akapolo yokha. Njira ya mantha m'mtima sizinaione n'komwe. Agogo anapatsira ana ao, ndi anawo anapatsira ife, monga tilandirana mbeu ya nandolo.

Ngakhale amene anadza ndi Uthenga sanapulumuke nthenda iyi poyamba. Mishoni ya Blantyre, imene ili mayi wa Mishoni yathu, inayamba mu 1876. Pa zaka zoyambazo Azungu aja anali owerengeka pakati pa anthu a chinenero chosadziwika, ndipo akuba anawavuta. Pamenepo anayamba kudziweruzira okha milandu, nakwapula anthu ndi chikoti. Munthu wina anafa nayo mikwapulo, ndi wina anaomberedwa ndi mfuti mu 1879. Eklesia wa ku Scotland atamva anatuma anthu kudzafufuza, nachotsa atsogoleri a ntchitoyo. Nkhani iyi si yokondweretsa, ndipo ena angakonde kuti tiibise; koma tiilemba chifukwa itiphunzitsa kuti mantha akagwira munthu, ngakhale ali ndi Buku m'dzanja, dzanja linalo lifunafuna chikoti.

Mu 1881 anafika David Clement Scott, nayenda njira ina. Anaphunzira Chimang'anja kufikira analemba buku lalikulu la mawu ake, limene linasindikizidwa mu 1892. Anakhala pansi pa bwalo ndi mafumu kumva milandu monga mwa mwambo wa eni dziko. Ndipo mu 1884 anapita ndi mkazi wake kwa Chikusi, mfumu ya Angoni, amene dzina lake lokha linali kuthawitsa midzi. Chaka chomwecho Angoni anaoloka Shire nafunkha dziko, koma Mishoni sanaikhudze, ndi anthu ambiri anapulumukira pomwepo. Ndi mtima womwewo Robert Cleland anadza kudzakhala pansi pa phiri lino mu 1890, m'dziko la Chikumbu, nthawi imene Ayao ndi Amang'anja anali kuyang'anana ndi diso lofiira. Sanakhalitse, pakuti malungo anamtenga chaka chisanathe. Mu 1893, pa nkhondo ya Boma ndi Mkanda, nyumba za Mishoni zinafunkhidwa. Koma ntchito inabweranso kwa anthu omwewo, ndipo ife amene tiwerenga tsamba lino ndife zipatso za kubwererako.

Mankhwala amene sanachize

Munthu wamantha afuna mankhwala, ndipo ogulitsa sasowa. Akulu akulu akumbukira mbiri ya Mchape, amene anamveka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1930. Anyamata ovala bwino anali kuyenda mudzi ndi mudzi, nanena kuti mphamvu yao anailandira kwa munthu wa kuno ku Mulanje, dzina lake Kamwende. Anali kundandika anthu onse a m'mudzi pa mzere, nawayang'ana m'kalilole kuti aone mfiti. Anawalamula kutulutsa nyanga ndi zithumwa zao zonse ndi kuziunjika poyera. Ndipo anawamwetsa madzi ofiirira, nati aliyense wobwerera ku ufiti atamwa adzafa. Mbiriyo inathamanga ngati moto wa lupsa, ndipo pofika 1934 inali italowa kwa Abemba ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Dzina la phiri lathu linadziwika kutali chifukwa cha botolo lija.

Taonani chimene anthu anali kufuna. Sanali anthu oipa, anali otopa. Analakalaka kugona tulo usiku umodzi osaganizira mnansi. Ndipo kanthawi pang'ono anagonadi, pakuti anati, tonse tamwa, palibenso wotipweteka. Koma mwana wina atadwala, ndi nkhalamba ina itafa monga anthu afera, funso lakale linadzukanso: wachita ichi ndani? Pamenepo anadza ochapa ena, ndi ena pambuyo pao, aliyense ndi botolo lake ndi mtengo wake. Chifukwa chake n'chapafupi. Mchape analonjeza kuchapa mnzako kuti iwe upume. Mtima wako woopa sanaukhudze. Ndiponso mzere uja unaphunzitsa mudzi chizolowezi choipa, cha kuyang'ana nkhope za abale ndi kufunsa kuti mwa awa wakupha ndi uti. Munthu amene waphunzira kuyang'ana kotero saleka botolo litatha.

Chaka cha anamapopa

Wina angati izi n'zakale, za anthu osaphunzira. Tikumbutsane tsono za 2017, pamene sukulu zinali ponseponse ndi lamya zili m'matumba mwa anthu. Mwezi wa September mbiri inabuka kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe yakuti kwafika anamapopa, opopa magazi a anthu usiku. Ndipo inafalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu, kufikira mu mzinda wa Blantyre. Sinali yachilendo, pakuti yonga iyo inayendanso m'maboma omwewa mu 2002. Anthu analeka nyumba zao nagona panja m'magulu pa moto. Anyamata anatseka misewu ndi mitengo ndi miyala, nafufuza m'katundu wa apaulendo. Ogwira ntchito za chipatala anaopa kulowa m'midzi, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi makamu. Mmodzi wa iwo, ku Blantyre, anali mnyamata wodwala khunyu. Anamtentha ndi moto. Madokotala a dziko lino ananena poyera kuti sanapeze munthu ndi mmodzi yemwe wopopedwa magazi.

Tiime pano pang'ono, pakuti apa pagona mtima wa phunziro lathu. Magazi amene anakhetsedwa chaka chimenecho anakhetsedwa ndi yani? Sanawakhetse anamapopa, anawakhetsa anthu oopa anamapopa. Amene ananyamula miyala sanadzuke m'mawa ndi mtima wa kupha. Anali atate oopera ana ao, ndi anyamata oyesa kuti alikutchinjiriza mudzi. Ndipo m'dziko limene Akristu achuluka chotere, ndani angalimbe mtima kunena kuti m'makamu aja munalibe obatizidwa? Ife timayesa kuti munthu woopsa ndiye wolimba mtima, koma si kwenikweni. Njoka iluma ikapondedwa, ndi galu aluma akapanikizidwa pa ngodya. Farao anaponya ana a Ahebri m'mtsinje chifukwa anaopa kuchuluka kwao. Herode anapha makanda a ku Betelehemu chifukwa anaopa khanda limodzi. Ndipo Saulo mfumu anaponyera Davide mkondo chifukwa anamuopa. Chotero pamene tinena za kugonjetsa mantha, sitinena za mtendere wa mtima wako wokha, mbale. Tinena za moyo wa mlendo amene adzasokera njira m'mudzi mwanu usiku wina, ndi wa agogo aja okhala okha kumapeto kwa mudzi.

Hananiya wa ku Damasiko

Tsono chikondi chichotsa mantha motani? Sichichita monga mankhwala omwa. Tiyeni tione pa munthu mmodzi, amene Malembo amtchula pang'ono pokha, koma ntchito yake inatembenuza mbiri ya Eklesia.

Hananiya anali wophunzira wamba wa ku Damasiko. Ambuye anamuitana m'masomphenya, namtuma ku nyumba ya Yudasi, m'khwalala lotchedwa Lolunjika, kukafuna Saulo wa ku Tariso. Zindikirani kuti mantha a Hananiya sanali a mphekesera ngati a anamapopa. Saulo anavomereza imfa ya Stefano, anakoka amuna ndi akazi kuwaponya m'ndende, ndipo anadza ku Damasiko ndi makalata a mkulu wa ansembe kudzamanga anthu onga Hananiya yemwe. Zonse zimene Hananiya anamva zinali zoona. Ndipo iye sanabise mantha ake. Anawanena kwa Ambuye mosapsatira, monga mwana anena kwa atate wake. Ichi tichigwire, pakuti alipo Akristu amene ayesa kuti kuvomera mantha ndi tchimo, nawabisa pansi pa nyimbo ndi mawu okoma. Ndipo mantha obisika ndiwo amene atuma munthu kwa woombeza usiku. Ambuye sanamkalipire. Anamuuza za Saulo zimene Hananiya sanazidziwe, namtumanso.

Chimene sanachidziwe ndi ichi, kuti chilombo chimene anachiopa chinali chitakhala masiku atatu chosaona, chosadya ndi chosamwa, chilikupemphera. Mantha anasunga m'mtima mwake chithunzi cha Saulo wa dzana. Saulo wa lero anali wakhungu wofuna womgwira dzanja. Umo ndimo mantha achitira nthawi zonse: ajambula munthu kamodzi, pa tsiku lake loipitsitsa, napachika chithunzicho pa khoma zaka makumi awiri. Yakobo anakhala zaka zotere kwa Labani ali ndi nkhope ya Esau wokwiya m'maso mwake. Atamva kuti mkulu wake alikudza ndi amuna 400 anagawa banja lake pawiri kuti ena apulumuke. Ndipo m'mawa mwake Esau anamthamangira namfungatira, nalira onse awiri. Ndi angati mwa ife amene alikuthawa Esau amene anasanduka kale?

Hananiya ananyamuka napita, nalowa m'nyumbamo, naika manja ake pa Saulo. Lingalirani ichi. Sungaike manja pa munthu uli kuseri kwa mpanda. Uyenera kufika pafupi, pamene iyenso angathe kukugwira. Ndipo liwu loyamba limene anamuitana nalo linali lakuti mbale. Sitiwerenga kuti mtima wake unali utaleka kugunda. Tiganiza kuti unali kugundabe. Koma mapazi anali atamvera kale. Ambiri alindira kuti mantha ayambe atha ndipo pamenepo adzakonda. Adzalindira kufikira imvi. Chikondi chiyamba ndi mapazi, ndi mantha atsalira m'mbuyo pang'ono pang'ono, monga galu wa eni atsalira ukapitirira mudzi wake.

Nanga mphamvu ya kunyamuka inachokera kuti? Yohane ayankha kuti woyamba kukonda ndiye Mulungu, si ife. Hananiya anadziwa kuti moyo wake unagulidwa kale, ndi kuti ngakhale Saulo akadammanga, sakadatha kumchotsa m'dzanja la Mwini wake. Munthu amene chuma chake chonse chili m'thumba la malaya ayenda pa msika wa Limbuli dzanja lili pa thumba, nayesa aliyense womkhudza mbala. Koma amene anasungitsa chuma chake pamalo okhulupirika ayenda manja ali lende, napatsa anthu moni. Ndiponso chikondi chitembenuza maso. Mantha afunsa kuti, munthu uyu adzandichita chiyani? Chikondi chifunsa kuti, munthu uyu chamgwera n'chiyani? Mtima sungathe kufunsa mafunso onse awiri nthawi imodzi ndi mphamvu yofanana. Onani nkhuku ya anapiye. Tsiku lililonse ithawa ngakhale mthunzi wa kabawi. Koma ikakhala ndi ana itukumula nthenga nilimbana naye. Siinasanduke chiombankhanga ayi. Yaiwala khungu lake chifukwa maso ake ali pa ana.

Pambuyo pake Saulo anafika ku Yerusalemu, ndipo ophunzira onse anamuopa, osakhulupirira kuti watembenuka. Panafunikanso munthu mmodzi, Barnaba, womgwira dzanja ndi kumfikitsa kwa atumwi. M'mudzi uliwonse ndi mumpingo uliwonse ntchito iyi iyamba ndi mmodzi.

A kwathu amene anayenda njira iyi

Harry Kambwiri Matecheta, Myao, anali mwana m'dziko la mapiri lino pamene Angoni analifunkha mu 1884. Mu 1893 anapita kukakhala pakati pa Angoni omwewo ku Panthumbi, kutsidya kwa Shire, kuwaphunzitsa Uthenga, natha zaka zambiri za moyo wake pakati pao; ndipo mu 1911 iye ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a Mishoni ya Blantyre.

Alomwe ambiri analowa m'dziko lino kuchokera ku Mozambique kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, nagwira thangata m'minda ya Azungu. Eni dziko anawaopa, nati ali ndi mankhwala oopsa, nawatcha dzina lachipongwe. Lewis Mataka Bandawe, Mlomwe wophunzira ku Blantyre, anagwira ntchito ya Mishoni ku Mihecani m'dziko la Apwitikizi, namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Ndipo mu 1943 anatsogolera bungwe la Alomwe limene linapempha Boma kuti dzina lija lileke. Lero ndani mwa ife angalekanitse magazi a Chilomwe ndi a Chimang'anja m'nyumba mwake? Amene agogo ao anaopana akhala pa benchi limodzi, nabatiza mdzukulu mmodzi.

Ndipo pa nkhondo ya ku Mozambique, makamaka kuyambira 1986, anthu anaoloka Muloza ali ndi mitolo pamutu, kufikira othawa m'Malawi muno anaposa 1,000,000 pangano la mtendere lisanasainidwe ku Rome pa 4 October 1992. Panali chifukwa cha kuopa, pakuti pakati pa othawa nkhondo mfuti sizisowa, ndi minda ya kuno ndi yochepa kale chifukwa cha tiyi. Koma midzi yambiri inawapatsa pomanga ndi polima. Tizizwa tsono kuti dziko lomwelo limene linalandira khamu lotere mu 1986 linaponya miyala mlendo mmodzi mu 2017. Kukoma mtima kwa atate sikukhala cholowa chokhazikika ngati munda. Mbadwo uliwonse uyenera kukuphunzira wokha.

Kodi tsono tisatseke chitseko?

Tidziwa kuti wina alikufunsa kale m'mtima: kodi mutiuza kuti tigone chitseko chili pululu, ndi kukhulupirira aliyense? Iyayi. Akuba alipo, achiwembu alipo, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Paulo yemweyo, Ayuda atapangana kumupha ku Damasiko, anatsitsidwa pa linga usiku mumtanga. Ndipo pamene anafuna kumkwapula ku Yerusalemu anatchula ufulu wake wa Chiroma. Ambuye mwini, a ku Nazarete atafuna kumponya pa phompho, anapyola pakati pao nachoka. Kuchenjera ndi mantha si chinthu chimodzi. Wochenjera atseka chitseko nagona tulo. Wamantha atseka chitseko nakhala maso kuwerenga maina a anansi ake.

Pano tinene mawu olunjika kwa alongo athu, ndi kwa akulu a Eklesia amene amva milandu yao. Alipo akazi amene amenyedwa m'nyumba mwao chaka ndi chaka, ndipo akadandaula auzidwa kuti pirirani, chikondi chipirira. Kumeneko ndiko kupotoza Mawu. Mkazi woopa mwamuna amene anamthyola kale dzanja sali wochepa chikhulupiriro, aona choonadi. Chikondi sichimlamula kukhala chete kufikira amtenge pa chithatha. Apite kwa ankhoswe, kwa akulu a mpingo, ndipo ngati kufunika apite ku polisi, pakuti dziko lino linakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja mu 2006. Kumletsa munthu kuchimwa ndi kumkondanso. Chimene chikondi chimletsa mlongoyo ndi kubwezera, ndi kufuna mankhwala a kumpusitsa kapena kumpweteka mwamunayo; sichimletsa kupulumutsa moyo wake ndi wa ana ake.

Ndiponso tisakunamizeni kuti wokonda sapwetekedwa. Stefano anapempherera omponya miyala, ndipo miyalayo siinaleke. Dokotala John Bowie wa ku Blantyre, mwana wa mlongo wake atagwidwa ndi nthenda yotseka pakhosi yotchedwa diphtheria, anaboola kholingo la mwanayo nayamwa zotsekazo ndi pakamwa pake, alikudziwa bwino monga dokotala chimene chingamgwere. Mwanayo anafa, amake anafa, ndi Bowie yemwe anafa mu January 1891. Ukakonda udzanyengedwa nthawi zina. Udzabwereka munthu khasu ndipo silidzabwera. Udzalandira mlendo ndipo adzachoka ndi bulangete. Tivomereza zonsezi. Koma werengeraninso mtengo wa njira inayo: zaka za kusadya kwa abale, ndalama zothera kwa otsirika nyumba, ana okula osadziwa khomo la azakhali ao, ndi tulo tosagoneka. Wamantha apwetekedwa usiku uliwonse ndi mkondo umene sunaponyedwe.

Zochita m'midzi mwathu

Mbiri yoopsa ikafika, Mkristu asakhale mlatho wake. Afunse wonenayo kuti, mwaona ndi maso anu kodi, kapena mwamva? Ndipo amene anakuuzaniyo anaona? Kawirikawiri mudzapeza kuti mwini kuona sapezeka, ali kumudzi wina nthawi zonse. Pa lamya mphekesera iyenda msanga koposa pa bwalo, ndipo chala chimene chiitumiza kwa anthu makumi asanu chili ndi mlandu womwewo wa lilime.

Khamu likagwira munthu, nthawi ili yochepa, ndipo kulalikira sikumveka. Chothandiza ndi kuima pafupi ndi wogwidwayo, awiri kapena atatu pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Kumfunsa dzina lake ndi kwao mokweza, kuti anthu amve kuti ali ndi dzina ndi amake. Kutchula maina a onyamula miyala amene muwadziwa, mmodzi mmodzi, pakuti munthu akamva dzina lake atuluka m'khamu nakhalanso munthu. Ndi kutumiza mnyamata msanga kwa amfumu ndi ku polisi. Akulu a mpingo ndi amayi a Mvano apangane za ichi kusanade, monga nkhanga zinapangana kusanache, kuti tsikulo lisawapeze alikufunsana.

Koma ntchito yaikulu ili ya masiku wamba, ndipo ikhudza nkhalamba. Lamulo la Boma la 1911 linaletsa mwabvi ndi kutchula munthu mfiti, koma lamulo silitungira munthu madzi. M'midzi yambiri muli agogo amene anthu awalambalala. Maso ao afiira ndi utsi wa zaka zambiri, alankhula okha chifukwa palibe wolankhula nao, akalipa chifukwa ali ndi njala. Ndipo zonsezi anthu aziwerenga ngati umboni. Pamene anthu awathawa, iwo aonjeza kuuma mtima, ndi anthu aonjeza kuopa; ndipo tsiku limene mwana adzafa ndi malungo, khamu lidziwa kale khomo lopitako. Gudumu ili liima pokhapo wina alowa m'nyumbamo masana anthu alikuona, natenga nkhuni ndi ufa, nakhala pa mkeka, nadya chimene agogowo ampatsa. Kudyako ndiko chinthu chachikulu, pakuti mudzi wonse udzayang'ana ngati adzadzuka m'mawa. Ndipo akadzuka, napitanso mlungu wamawa, ana a m'mudzi adzayamba kumtsata.

Aphunzitsi a kalasi afunse ophunzira ao, aliyense payekha ndi mosakakamiza, ngati pali khomo m'mudzi limene sanaponde chaka chino chifukwa cha mantha; ndipo amene afuna kupitako asapite yekha ulendo woyamba, koma mkulu wa mpingo wa dera lake amperekeze. Kumene kuli mlandu weniweni wa munda kapena wa ngongole, uyambe wakambidwa pamaso pa amfumu kapena ankhoswe Mgonero usanafike. Mwezi wamawa tidzaphunzira kalata ya Paulo kwa Filemoni, yonena za kapolo amene anathawa nabwerera kwa mbuye wake ali ndi kalata m'dzanja. Muiwerenge yonse, pakuti ili ndi mutu umodzi wokha.